Adzukulu a Kutsidya kwa Namilambe

Mwati mukufuna kudziwa kuti pano tilipo angati? Khalani pansi kaye, bwana kalaliki, mvula iyi sikata msanga. Sendezani mpandowo kufupi ndi mbaula, ndipo buku lanulo muike pa chidebe apo lingakunyowereni. Ine ndine Wedisoni Likhutcha, wokhoma zidebe. Nambala ya anthu ndimaiopa kuposa mphiri, ndipo ndikuuzani chifukwa chake musanayambe kulowa m'makomo mwa eni.

Pano timati pa Sitolo Zitatu, ngakhale yotsegula yatsala imodzi. Tili ndi msewu wa fumbi uwu, chigayo, tchalitchi, mjigo, ndi kasukulu kothera sitandade faifi, basi kwatha. Kumvuma uko kuli phiri la Chikwenga, lija lafunda mtambo. M'phirimo mumatsika mtsinje wa Namilambe, n'kudula malo ano pakati. Tsidya lino dothi ndi lakuda, ndipo anthu tilipo mazana atatu ndi kanthu. Tsidya linalo dothi ndi katondo wofiira psuu, ndipo kunali nyumba khumi ndi imodzi. Mwandimva bwino, ndati kunali.

Kwathu kuno munthu sakumba manda a m'bale wake. Tsono tsidya lino mukatsata bwinobwino, tonse ndi mimba imodzi. Ndiye kuyambira makolo, maliro akagwa kuno adzukulu ankachokera kutsidya, akagwa kutsidya tinkawoloka ndife. Adzukulu a kutsidya anali anthu osowa manyazi, ine ndikuuzeni. Ankafika mbandakucha ndi makasu awo, kukumba, kenako kugwira nkhuku yonona pakhomo la namfedwa osapempha, uku akumunena malemuyo kuti anali waumbombo mpaka wamasiye aseke misozi ili m'masaya. Mkulu wawo anali a Lupiya, munthu wa chiseko chomveka kuchigayo. Ife tikapita kwawo tinkabweza chimodzimodzi, ndipo mkulu wa adzukulu a tsidya lino ndinali ine.

Chaka cha napolo mvula inagwa masiku anayi osapumira. Tsiku lachisanu, nthawi ya phala, phiri linabangula. Ndinali pakhonde lomwe lino. Ndinaona mitengo ikutsika choimirira, miyala yaikulu ngati nyumba ikugubuduka m'matope. Pamene ndimati ndiitane mayi a kunyumba adzaone, kutsidya kunalibenso denga ngakhale limodzi. Tinafukula sabata yathunthu, ndipo chimene tinapeza ndi makina osokera, chitseko, ndi mbuzi imodzi yotupa. Munthu ayi.

Wa kutsidya anatsala mmodzi yekha, mlamu wanga Dinesi Mukhova, mwamuna wa mlongo wanga Elube. Chinamupulumutsa ndi chikamwini, pakuti ankakhala kuno kwa mkazi wake. Nkhani yonseyi ndi ya iyeyo.

Patapita mwezi, Dinesi anabwera pano. Anakhala pomwe mwakhala inupo, chipewa chili m'manja.

"Alamu," anatero, "anthu akwathu sanaikidwe."

"Tiike chiyani, alamu, poti thupi palibe?"

"Mwambo mukuudziwa. Thupi likasowa, timaika thunthu la nthochi, n'kulitchula dzina la mwini wake. Okumba ndinu."

Ankanena zoona. Koma nthawi imeneyo anthu anali ndi mantha ngakhale kuyang'ana kutsidyako. Ndinati, "Madzi aphwere kaye." Madzi ataphwera ndinati tikolole kaye. Titakolola panalibe chokolola chenicheni, njala inalowa, ndipo ndinati munthu wanjala sakumba pamiyala. Dinesi sanali munthu wa mkangano. Ankangoti, "Chabwino, alamu," n'kuvala chipewa chake.

Maliro oyamba a tsidya lino chichitikire napolo anali a nkhalamba ina, a Mwakhiwa. Apo mpamene tinazindikira kuti mdzukulu tatsala naye mmodzi. Dinesi sanadandaule. Tambala woyamba atalira anatenga khasu n'kulowera kumanda athu, kuseri kwa tchalitchi. Ife tinali tikunong'onezana kuti mwina tiswe mwambo tikamuthandize, pamene tinamuona akubwerera dzuwa lisanatuluke bwino, buluku lake lili loyera, lopanda dothi.

"Alamu, tiyeni mukaone," anandiuza chapansipansi.

Dzenje linali lokumbidwa kale. Lakuya bwino, makoma owongoka, kachipinda ka m'mbali kosemedwa mosamala, dothi launjikidwa mbali imodzi monga mwa nthawi zonse. Ntchito ya amuna asanu ndi atatu imeneyo. Ndipo pa dothi lathu lakudalo panali mapazi ofiira, ambiri, a katondo wonyowa. Mvula inali itasiya miyezi inayi m'mbuyomo.

Ndinamuyang'ana Dinesi, iye anayang'ana pansi. Tinaika a Mwakhiwa m'dzenje lomwelo, nanga tikanatani? Madzulo ake mpongozi wa malemuyo anayamba kukalipa kuti wina wamubera tambala wake wamkulu pa maliro. Amayi anzake anamutseka pakamwa.

Chiyambire pamenepo zinkachitika choncho maliro aliwonse. Ukasiya khasu panja, m'mawa unkalipeza pamalo pomwepo, koma kukamwa kwake kuli katondo. Nkhuku imodzi inkasowa, yonona kuposa zonse, osasiya ngakhale nthenga. Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, amayi ophika pa maliro a mwana wa a Khoviwa anamva chiseko kunsungwi za pa chiwoloko, pomwe timawolokera mtsinje. Onse anachidziwa chisekocho. Palibe anatchula dzina, anangosonkhezera moto n'kuyamba nyimbo mokweza.

Ndiye kunabwera wa kabaza wina wochokera kutali, anadzasiya munthu wodzalira maliro m'mamawa. Akumwa tiyi pa sitolo paja anafunsa, "Kodi anthu a kuno moni mumagulitsa? Ndakumana ndi azibambo pa chiwoloko, makasu paphewa, akulowera kuphiri. Ndawapatsa moni kawiri, onse zii."

"Anali angati?" anafunsa mwini sitolo.

"Sindinawerenge. Koma akuyenda ngati anthu otopa kwambiri. Ndipo matope, abale! Mpaka m'tsitsi."

Mwini sitolo sanalandire ndalama ya tiyiyo, anangomuuza kuti azipita.

Tsono apa ndinene chinthu chochititsa manyazi, bwana kalaliki. Tinazolowera. Kunena zoona tinazikonda. Kukumba manda si masewera, ndipo apa manda ankadzikumba okha, mtengo wake nkhuku imodzi. Ena anayamba kusiya dala makasu akuthwa panja maliro akagwa. Ine ndemwe, ine mkulu wa adzukulu, ndinkanola khasu langa n'kulitsamiritsa pakhoma apo. Zaka ziwiri zinatha, anthu aja akutikumbira, ife osawakumbira. Tinaiwala kuti mlandu suola.

Amene sanazolowere ndi Dinesi. Munthu anayamba kutha. Anali wa thupi lake, wonyamula thumba la chimanga yekha, koma kolala ya malaya inayamba kumukulira. Kuchipatala anamuyeza zonse, sanapeze kanthu. M'mawa wina, pa tsiku la maliro a mai Nasiyaya, Elube anafika pano akumukoka dzanja ngati mwana.

"Achimwene, taonani izi."

Anatambasula zikhatho za mwamuna wake. Matuza okhaokha, ena ophulika, a munthu amene wagwira mpini nthawi yaitali. Kenako anandilozera kumapazi. Katondo mpaka m'mawondo.

"Ndimagona nawo mphasa imodzi," anatero Elube. "Chitseko ndimapiringidza ndekha. Sindimva kanthu. Kukacha ndimawapeza pambali panga ali chonchi. Kachitatu aka."

"Alamu, mumapita kuti?" ndinafunsa.

Dinesi anayang'ana zikhatho zakezo. Kenako anati, "Atopa, alamu. Munthu wosaikidwa sagona. Akuti ine ndi mdzukulu mnzawo, ndiziwathandiza."

"Akuti? Mumayankhula nawo?"

"Iwo ndiwo amayankhula. Akuti maliro n'kulirana, nanga iwo mudzawalira liti?" Anapitiriza kuti, "Dzulo a Lupiya anati ndikuvutikiranji kuwoloka kawirikawiri. Akuti ndingokhala konko."

Elube anagwada pansi apa, koma maso ake sanali a munthu wopempha. "Achimwene, mukapanda kuwakumbira anthu aja, anditengera amuna anga. Ndipo ine sindidzaloza phiri, sindidzaloza mvula. Ndidzaloza inu."

Mawu amenewo anandilasa. Mlongo wanga ameneyu ndinamubereka kumsana ine, mayi athu ali kumunda. Tsiku lomwelo ndinayenda khomo ndi khomo, ndipo amene ankazengereza ndinamutukwana pamaso pa ana ake. Tinapangana Loweruka. Unali mwezi wa Novembala kumapeto, mitambo itayamba kale kusonkhana paphiri.

Tsono pali lamulo lina la adzukulu limene ngakhale mwana amalidziwa: dzenje la manda siligona lopanda kanthu. Ukakumba, uikemo tsiku lomwelo. Likagona lili kukamwa, limaitana. Choncho tinayenera kudziwa nambala yeniyeni ya anthu a kutsidya, kuti maenje akhale okwanira ndendende.

Amayi a m'mudzi muno anachita mwanzeru. Anapita kwa Dinesi, iye n'kumatchula maina nyumba ndi nyumba, iwo n'kumadula thunthu limodzi pa dzina lililonse. Ine ndinachita mwa uchitsiru. Manyazi anandigwira, sindinafune kukakhalanso pamaso pa munthu amene ndinamunamiza zaka ziwiri. Ndinapita kwa a Nakoma, mlangizi wa zaumoyo, amene ankasunga buku la anthu a dera lino kuyambira napolo asanagwe. Anatsegula tsamba la kutsidya, n'kuloza pansi pake.

"Makumi atatu ndi asanu," anatero.

"Basi, pepala silinama," ndinatero ine, n'kutuluka. Sindinawerenge maina, sindinakafunsenso amayi aja kuti adula angati.

Loweruka m'mawa tinawoloka amuna makumi anayi. Ambiri kanali koyamba kuponda kutsidya chigwere phiri. Malo onse ndi miyala yokhayokha, udzu wamera m'mipata. Manda awo akale anakwiririka, ndiye tinasankha kamtunda ka m'mphepete, pamene panatsala mtengo umodzi wa mango. Tinayeza maenje makumi atatu ndi asanu, mizere isanu, lililonse lotalika ngati munthu, lakuya kufika m'chiuno.

Ntchito ya mdzukulu imayenda ndi nthabwala, koma tsiku limenelo palibe anatsegula pakamwa. Kunalibe mbalame, kunalibe ngakhale chiwala. Titaima kuti timwe madzi, tonse makasu pansi, tinamva khasu likugundabe kuseri kwa miyala. Linagunda kawiri, katatu, n'kusiya. A Khoviwa, aja anaferedwa mwana, anayang'ana ine, ine ndinayang'ana m'chikho.

Dzuwa litapendeka, amayi anawoloka ndi mathunthu pamutu, aliyense lokulungidwa m'kansalu. Dinesi anabwera pambuyo, Elube atamugwira m'khwapa. Anaima pansi pa mango paja n'kuyamba kuitana anthu akwawo. Sanawatchule mwachisawawa ayi, anayambira pa chiwoloko kukwera kumtunda, monga munthu akuyenda m'mudzi mwake.

"Nyumba yoyamba, ya malata, pafupi ndi nsungwi. A Lupiya. Akazi awo a Abiti Sumani. Ana awo Fanuwelo, Edina, ndi wakhanda uja anali asanatuluke m'chikuta."

Dzina lililonse, thunthu limodzi linkatsika, ife n'kukwirira.

"Kuseri kwake, pa mpanda wa nkhadze. Amalume anga a Mulima, okhala okha. Kukwera pang'ono, pomwe panali uvuni wa njerwa..."

Anayenda nawo mudzi wonsewo ndi pakamwa, mpaka ife tinkauona. Atafika pa nyumba ya mayi ake mawu anamuthera, koma anakakamiza. Amayi analira tsiku limenelo kulira kumene anakusunga zaka ziwiri. Ngakhale ine ndinalira, osabisa. Ndipo ndikulumbira, pamene tinkakwirira, mphepo ina yofunda inadutsa pakati pathu ngati munthu wapuma mpweya wautali. Nkhope ya Dinesi inamasuka. Elube anandiyang'ana, koyamba m'masabata ambiri, ndi maso a mlongo.

"Nyumba yomaliza, ya kumtunda kwenikweni. A Namaona ndi mdzukulu wawo Sitiveni." Dinesi anapukuta kumaso. "Atha."

Mathunthu anatha. Koma kumapeto kwa mzere wachisanu dzenje limodzi linali chitsegukire.

"Alamu, mwaiwala wina," ndinatero.

"Sindingaiwale anthu akwathu. Makumi atatu ndi anayi."

A Nakoma anali atabwera ndi buku lawo m'jumbo. Analitulutsa, n'kutsetsereka ndi chala pa maina. Chala chinaima. Anandipatsa bukulo. Pansi pa dzina la mayi ake panalembedwa kuti Dinesi Mukhova.

"Nthawi ija ndinkalemba," a Nakoma anatero, "ndinawapeza kwa akazi awo. Ndinawafunsa kuti kwanu n'kuti, anati kutsidya."

"Nanga mkamwini anganene kuti kwawo n'kwa mkazi?" anatero Dinesi. Anayesa kuseka, koma maso ake anali pa dzenje lija.

"Kwirirani msanga!" anakuwa Elube.

"Ayi!" anatero a Khoviwa. "Kukwirira lopanda kanthu ndiye kuipitsiratu. Muikemo thunthu lopanda dzina."

Koma nthochi zonse zili tsidya lino. Kutsidya napolo sanasiye ngakhale mphukira. Tili mkati mokangana, kuphiri kunagunda. Sikunali kugunda kwa bingu wamba, kunali kwa pansipansi, kotalika, kumene aliyense wa ife anakumvapo kamodzi pa moyo wake. Mtambo wakuda unali utatsika mpaka pakati pa phiri. Wina anakuwa kuti madzi akubwera, ndipo anthu anabalalika, makasu kutaya, amayi kukokana nsalu, onse kuthamangira ku chiwoloko.

Dinesi anandigwira mkono. "Alamu, dzenje lisagone."

Bwenzi nditadula nthambi ya mango ija n'kuponyamo. Chikwanje chinali m'chiuno mwanga, ntchito ya kanthawi kochepa. Ndaiganiza nthambi imeneyo tsiku lililonse la moyo wanga. Koma miyendo yanga inali itamva phiri, ndipo ndinati, "Tiwoloke kaye, alamu. Ndibweranso ndi thunthu pompano."

"Chabwino, alamu," anatero.

Tinawoloka madzi ali m'chifuwa, Dinesi titamunyamula awiri. Otsiriza atangoponda tsidya lino, Namilambe anadzaza mpaka m'nsungwi, akugubuduza miyala. Napolo sanabwere, inali mvula chabe. Ndinadula thunthu kudimba kwanga, n'kuima nalo pagombe mpaka mdima unagwa, koma pamenepo ngakhale ng'ombe sikanawoloka. Ndinadutsa kwa Elube kukawauza kuti ndipita kukangocha. Ndinapeza Dinesi akudya, chakudya chenicheni, koyamba pa miyezi. Elube anati apiringidza chitseko, aikenso mtondo.

Kusanache bwino ndinamva kugogoda. Anali Elube, wopanda mpango kumutu.

"Achimwene, kulibe."

"Kulibe bwanji?"

"Mtondo uli pachitseko momwe ndinauikira. Nsapato zawo zilipo. Iwo kulibe."

Tinafunafuna kuchigayo, kutchalitchi, m'madimba, m'mphepete mwa mtsinje mpaka kumunsi. Madzi anayamba kuphwera dzuwa lili pamutu. Ndinasenza thunthu lija, ndipo tinawoloka anthu ngati khumi, Elube ali patsogolo.

Pansi pa mango panali mitumbira makumi atatu ndi isanu. Wotsiriza uja unali wokwiriridwa, woumbidwa bwino kuposa yathu yonse, wosalazidwa ndi manja m'mbali mwake. Mvula inagwa usiku wonse, mitumbira yathu inali itakokoloka, koma umenewo unalibe ngakhale dontho limodzi.

Anthu anaima patali. Elube anatola khasu limodzi mwa otayidwa dzulo aja, n'kundipatsa.

"Fukulani."

"Mlongo wanga, manda safukula."

"Munakumba ndinu. Fukulani."

Ndinafukula. Dothi linali lofewa, lofunda. Nditafika m'mawondo khasu linakhudza kanthu, ndipo ndinaliika pambali. Ndinagwada, msana nditalozetsa kwa anthu, n'kupalasa ndi dzanja kumapeto kwa dzenjelo. Mathunthu a nthochi ndimawadziwa, bwana kalaliki, ndadula ambiri. Thunthu la nthochi silikhala ndi chikhadabo.

Ndinabwezera dothi msangamsanga.

"N'chiyani?" anafunsa Elube. Mawu ake anali ngati a kamtsikana kaja ndinkakabereka. "Achimwene, mwaona chiyani?"

"Ndi nthochi," ndinatero. "Alipo anatitsogolera, waikamo thunthu."

Anakhala pansi pa katondopo, n'kuseka, n'kulira, n'kusekanso. "Ndiye kuti ali moyo! Angothawa mantha. Mwina alowera ku Mozambiki, kuli asuweni awo kumeneko. Abwera, eti achimwene?"

"Abwera," ndinatero.

Chichokere tsiku limenelo makasu athu amagona panja osadetsedwa, ndipo manda timakumbirana tokhatokha, pachibale, mwambo kapena ayi. A Khoviwa anandifunsapo kamodzi kuti ndinaonadi chiyani, ndinawauza kuti asamale zawo.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Amuna awiri anabwera kudzafunsira Elube, onse anawabweza, akuti iye ndi mkazi wa mwini. Minibasi imafika pano kamodzi pa tsiku, cha m'ma folo. Ikangolira hutala kumtunda uko, Elube amasiya chilichonse chimene akuchita, amamanga mpango wabwino, n'kukaima pa sitolo paja mpaka wotsiriza atatsika. Pobwerera amadutsa pano, n'kundiuza kuti, "Lero ayi, achimwene. Kapena mawa." Ndipo ine ndimavomera.